Matumba a Mchenga M'sabata ya Makuponi

Lolemba

Zikomo Ambuye, tsiku lafika! Ndadzuka mbandakucha, mtima uli dyokodyoko.

Ndilembe kuti ndisasokoneze. Kosi ya ukochi ija ndinachita kuboma yatsala ndi chinthu chimodzi. Nditenge osewera khumi ndi awiri a timu yanga ya ntchemberembaye, ndiwayeze lero, ndiwalimbitse thupi sabata yonse, ndiwayezenso Loweruka. Loweruka lomwelo a Mwale, aphunzitsi athu a kosi, akubwera panjinga yamoto kudzaona ndi maso awo ndi kusaina fomu. Akapanda kusaina, satifiketi palibe. Satifiketi ikasowa, ntchito yophunzitsa mpira kusekondale ya atsikana ija ndiyiwale. Ahedi anati andidikira sabata ino yokha.

Zida zanga:
kope latsopano lachikuto cholimba
wezulo
sikelo ya fodya ya amuna anga, bambo a Tadala (eni ake sakudziwa)
phulusa lopaka kuzala, kuti munthu akadumpha asiye chizindikiro pakhoma
matumba anayi a feteleza, ndathiramo mchenga wakudambo. Anzathu m'tauni amanyamula zitsulo, ife tinyamula zimenezi.

Dzulo ndinapempha akulu a mpingo kuti alengeze zoti osewera abwere kubwalo la sukulu kudzalembetsa. Iwo angoti, "Mawa kuli kalembera kusukulu." Mawu oti timu anawameza.

Ndikufika ndi wilibala, bwalo lonse anthu tho! Nkhalamba, ntchembere ana kumbuyo, matenanti a kuesiteti, aliyense chiphaso cha voti kumanja. Maso onse ali pa matumba anga. Koma ine! Novembala uno, kope m'manja, matumba a feteleza pawilibala, ndimayembekezera chiyani? Mwana wobadwira ku Santhe konkuno osaganiza. Nzeru zinatsala kukosi.

Ndafotokoza katatu kuti si za makuponi. A Chisale, nkhalamba ya kuseri kwa chigayo, andigwira mkono mwaulemu. "Olemba maina onse amayamba n'kukana, mwanangu. Lembani."

Pamene ndikuti ndiyeze osewera anga, mbiri yathamanga kale pamzere: akuti chaka chino boma likufuna alimi amphamvu okhaokha, ndiye akuyamba ayeza. Abale, mudzi wonse ukudumpha! A Chisale avula jekete, apaka phulusa, adumpha, nyerere siikanadutsa pansi pa mapazi awo. Anthu awaombera m'manja.

Osewera anga ali kumapeto kwa mzere, akuti sangadumphe akuluakulu. Ndayeza asanu okha. Kulemera tikuyeza pomukhazika munthu m'chiguduli n'kumupachika pa mtengo wa mango. ANabanda, kaputeni wathu, akuti sikelo yawabera makilo awiri ngati ya mavenda.

Komabe ndiyamike. Zaka zisanu ndikuphunzitsa timu iyi, sindinaonepo anthu akubwera nthawi yake.

Lachiwiri

Achuluka kuposa dzulo. Ena apalasa njinga kuchokera kumaesiteti akutali.

Ndalemba pakatoni ndi makala: PANO SI PA MAKUPONI. Amene amatha kuwerenga auza anzawo kuti ndi machenjera, ndikufuna ndigawire abale anga.

Ndanong'oneza aNabanda kuti tisamukire kuseri kwa tchalitchi, auze osewera okhaokha. Ndaiwala kuti wosewera aliyense ali ndi mayi wake, azakhali ake ndi mlamu. Tapezeka kuseri kwa tchalitchi tonse aja, kuwonjezerapo mbuzi.

Basi, ndaphunzitsa onse. Kunjuta ndi kudzuka, kakhumi. Kenako kanyamulidwe koyenera ka katundu, monga a Mwale anatiphunzitsira: msana uwongoke, mawondo apinde, mphamvu zichokere m'miyendo. Ndaonetsa ndekha. Thumba lafika m'mawondo, lakana kupitirira. Ndaliika pansi mwaulemu ngati ndimafuna zomwezo.

Wabwera Esitere, wotchinga kumbuyo wathu, tenanti wochokera ku Phalombe. Mwana kumbuyo. Wagwira thumba m'makutu, hi! lili pamutu. Waima, akundiyang'ana.

"Ndikatule kuti, a kochi?"

Ndamuuza kuti kulibe kokatula. Anyamule, aike pansi, anyamulenso, kakhumi.

Ndiye Esitere akuti, "Nanga tikunyamuliranji?"

Masabata awiri a kosi, funso limeneli sitinaphunzire. Ndaliza wezulo.

Pokweza matumba pawilibala ndapeza atatu. Lachinayi lapita ndi munthu, sindinaone n'komwe. Ayende bwino, n'lolemera.

Lachitatu

Thumba labwera lokha. Ndalipeza pakhomo m'mawa, long'ambidwa pamimba, mchenga mbwee. Wakubayo wakwiya kuposa ine mwini wake.

Pofika pamjigo mbiri yawanda: kochi akugulitsa feteleza wosakaniza ndi mchenga. Ine! Amayi amene dzana ankandipatsa moni wogwada, lero akuyang'ana m'ndowa. Apongozi atuma mawu kuti ngati ndayamba bizinesi ndiyambe yoopa Mulungu.

Bambo a Tadala azindikira za sikelo. Ngowe yake yawongoka. Ayang'ana sikelo, ayang'ana ine, andifunsa kuti ndinapachikapo ng'ombe kodi. Ndati aNabanda. Atenga sikelo yawo, aitsekera m'bokosi. Loweruka ndiyezera chiyani, sindikudziwa.

Koma masana, zodabwitsa! Kubwalo kuli osewera asanu ndi atatu, palibenso khwimbi. Anthu athawa wakuba feteleza. Otsala ndi a Chisale okha. Ndawauza poyera kuti agogo, kuponi pano simuipeza. Akuti adziwa kale, koma bondo lawo lasiya kulira chiyambire zonjuta zija, ndiye ndisawathamangitse.

Tachita zonse monga mwa buku:
kutenthetsa thupi
kunjuta kakhumi, maulendo atatu
kuthamanga kuchokera pamango kukafika pamjigo
kunyamula matumba, mopinda mawondo
kudziwongola pomaliza

Thukuta kamukamu, kuseka, aNabanda kutukwana mchenga. Ndimafuna zimenezi! Wakuba uja Mulungu amudalitse, wandichotsera anthu amene ine ndinalephera masiku awiri. Mbiri yanga yaipa, koma timu ndayipeza. Osewera anayi otsalawo ndikawatenga ndekha mawa, khomo ndi khomo.

Lachinayi

Kubwalo kulibe munthu. Ngakhale mbuzi.

Makuponi enieni agawidwa dzulo madzulo, ndipo lole ya feteleza yafika kudepoti ya pa Santhe. Aliyense ali kumeneko.

Ndapalasa njinga kuwatsatira. Mzere wazungulira depoti, wakafika kumagolosale. Osewera anga ali pakati, aima chiyambire kum'mawa, milomo gwa. Ndati chabwino, bwalo likathawa kochi amalitsata. Ndaliza wezulo kuti andione.

Mayo ine! Anthu ayesa geti latsegulidwa. Mzere wonse wakhamukira kutsogolo, njinga kugwa, nsapato kuduka, mayi wina kutaya mandasi beseni lonse. Bambo wina wandiloza chala, akuti si uyu wamchenga uja? Wezulo ndaibisa m'bulauzi, ndayang'ana kumwamba ngati ndikuona mitambo.

Mzere utakhazikika ndapempha atsikana kuti angonyanyamphira pomwe aimapo, kakhumi, ndipeze cholemba. Achita atatu, mwamanyazi. ANabanda akana. "A kochi, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Satifiketi yanuyo sitithira m'chimanga."

Zandiwawa, koma sakunama.

Pobwerera ndadzera kudambo. Ndapeza Esitere akuthirira nazale ya abwana ake, makheni awiri, uku ndi uku, kutsika kukwera. Iye kudepoti alibe chokachita, matenanti sali m'buku la mudzi. Ndaima n'kumawerenga maulendo ake, ndatopa ndine. Ndinatsala pang'ono kulemba m'kope kuti wachita zolimbitsa thupi za lero.

Wandifunsa ngati dzina lake likadalimo m'kope muja. Ndamuonetsa. Walitsata ndi chala chonyowa, akuti chibwerere ku Kasungu sanalionepo litalembedwa mokongola chonchi. Wandipatsa mango awiri. Ndadya panjira, mtima watsika.

Lachisanu

Mvula! Yayamba kusanache, yeniyeni yobzalira.

Tinaipempherera tonse Lamulungu, inenso ndinakweza mawu kuposa anzanga. Walira mvula walira matope. Sindinanene kuti idikire Loweruka lidutse, cholakwa n'changa.

Mudzi wonse uli m'minda, kuwokera fodya. Mwana, mkulu, mlendo, aliyense waweramira mzere. Kuitana munthu kumpira lero n'kufuna kutukwanidwa.

Ndathamangira kusukulu ndi tepi imene atelala andibwereka lero, kuti ndiyeze zizindikiro za phulusa za Lolemba zija. Khoma lili mbee! Mvula yatsuka zonse. Ndaima pamenepo ngati chitsa, madzi akutsikira m'khosi.

Zimene ndili nazo tsopano:
maina masamba asanu ndi limodzi, ambiri a nkhalamba
kulemera kwa anthu asanu, pa sikelo yowongoka ngowe
matumba atatu onyowa, osasunthika
chimfine

Bambo a Tadala akuwokera okha munda wathu, afika mizere yochepa. Pobwerako, khasu aliponya pakhonde mwamphamvu kuti ndimve. Kenako chisoni chawagwira. Akuti bwanji osangolemba manambala a m'mutu, adziwe ndani? Ndatenga cholembera. Ndalemba kuti aNabanda anadumpha mwakutimwakuti. Ndayang'ana nambalayo, ndafufuta mpaka pepala kubooka. A Mwale ndingawanamize, koma atsikana a kusekondale ndikawaphunzitsa ndi nkhope iti?

Ndathokoza bambo a Tadala chifukwa cha maganizo. Munthu wofuna kuchimwa chifukwa cha iwe ndiye kuti amakukonda.

Loweruka

A Mwale afika nthawi yake, matope mpaka m'mawondo.

Apeza pabwalo: ine, wezulo, matumba atatu, ndi a Chisale atavala jekete la kutchalitchi. A Chisale anjuta kasanu kuti alendo aone. Mulungu awasunge nkhalamba amenewa.

A Mwale atsegula kope, awerenga tsamba loyamba, lachiwiri, afunsa ngati timu yanga ili ndi osewera obadwa nthawi ya atsamunda. Ndafotokoza zonse, kuyambira pa chilengezo cha kutchalitchi. Aseka mpaka kupukuta misozi. Kenako apinda fomu bwinobwino, aibweza m'thumba la malaya. Akuti sangasaine chimene sanaone. Tidzayesenso fodya akagulitsidwa, anthu akadzapeza mpata.

Ndati zikomo.

Ndawaperekeza. Pa dambo, njinga yamoto phwa! yatitimira mpaka injini. Akankha, ndakankha, yangolira n'kuzima. A Mwale nsapato imodzi yatsala m'thope.

Kutsidya kuli munda wa aNabanda, ndipo osewera anga asanu ndi mmodzi ali momwemo, akuthandizana kuwokera. Atiwona, asiya mbande, abwera akupukuta manja m'zitenje. Azungulira njinga. Atatu uku, atatu uku.

ANabanda akuti, "Msana uwongoke, atsikana. Pindani mawondo, a kochi akuona."

Hi! Njinga m'mwamba. Aiwolotsa dambo lonse ngati mtolo wa udzu, akaiika pouma. Esitere wabwereranso kukazula nsapato.

A Mwale angoti kukamwa yasa. Afunsa kuti amayi amenewa amawaphunzitsa ndani.

"Kochi wathu ndi awa," watero Esitere, akundiloza ndi nsapato.

Bodza lake! Mphamvu zimenezi anazipeza ku makheni ndi kumatumba ine ndisanagule wezulo. Koma sindinatsutse.

Ndayang'ana thumba la malaya a a Mwale. Iwonso aliyang'ana. Akuti pepani mayi, pafomu palibe malo olembapo njinga yamoto. Aliza injini, apita.

Lamulungu

Kutchalitchi ndakhala kumbuyo. Akazi a ahedi andipeza panja, andiuza monong'ona kuti ntchito ija apatsa bambo wina wa kuboma, wa mapepala ake kale. Ayamba mawa. Ndati Mulungu awatsogolere, ndipo theka la mtima wanga limanenadi zoona.

Ndalira pang'ono kuseri kwa chimbudzi. Chimfine chandithandiza, palibe wadziwa.

Potuluka ndawaona atsikana anga akuyenda ngati nkhalamba, manja m'chiuno. Masiku awiri owerama m'mizere, misana yauma. ANabanda akuti a kochi, tatiwongolani misanayi, tafa. Tapita pansi pa mtengo, zovala za kutchalitchi zomwezo. Asanu ndi anayi, kenako khumi ndi mmodzi, kenako onse khumi ndi awiri. Lero! Lero pamene kulibe woona, kulibe fomu, kulibe sikelo. Ndinafuna kuwatukwana, koma ndawawongola. Misana kulira ngati nkhuni zouma, iwo kubuula, amayi a chigwirizano kutiyang'ana cham'mbali.

Titatha Esitere wafunsa kuti mawa tikumana nthawi yanji.

Ndati mawa kulibe. Mawa ndi mkuja ndili kumunda, mbande zanga zikukalambira pa nazale, bambo a Tadala sangathe okha. Za mpira tidzaona fodya akapita kumsika.

ANabanda akuti zimenezo akudziwa, anadutsako dzulo, munda wanga ukuchititsa manyazi timu. Afunsa nthawi yofikira kumundako, osati kubwalo. Esitere akuti iye abwera akamaliza mizere ya abwana, ndimusiyire yake.

Ndangoti dzuwa likamatuluka.

Satifiketi palibe chaka chino, ntchito yapita, ndipo theka la mudzi likundiyesabe wakuba. Zikomo Ambuye, sindikudandaula kwambiri. Makasu tili nawo atatu okha, anthu akubwera khumi ndi awiri. Ndipite kwa apongozi ndikabwereke ena dzuwa lisanalowe.