Buku la Nyumba Zakale ndi Apongozi Anga

Mpaka lero ndikangomva dzina loti Graniteside, phazi langa lakumanzere limayamba kuwawa. Bola ndikuuzeni ndekha, poti ku tchalitchi kwathu ku Mufakose nkhaniyi akuifotokoza kale mothira mchere.

Apongozi anga aamuna, Bambo Chisale, anabwera kuno ku Harare kuchokera ku Dedza ali mnyamata, ndipo ndi munthu wosakonda zolankhulalankhula. Zaka zitatu chikwatirireni mwana wawo Esnati, macheza athu anali "Mwadzuka bwanji?" ndi "Tadzuka." Basi. Ndinkaona kuti amanditenga ngati munthu wapakamwa chabe (ndimagulitsa mafoni m'tauni, ndiye mwina sankalakwa kwenikweni).

Tsiku lina ndinapeza buku kwa aja amayala mabuku pansi m'mbali mwa msewu. Linkafotokoza za nyumba zakale za mumzinda uno, muli zithunzi ndi mapu oti munthu aziyenda wapansi uku akuziona. Chikuto chinali chitathothoka, koma ndinati apa ndiye ndapeza poonetsera nzeru. Ndinaliwerenga masiku atatu m'kachipinda kathu ku Warren Park, kenako ndinatumiza uthenga kwa Bambo kuti Loweruka ndikawaonetse Harare.

"Harare yake iti?" anafunsa Esnati. "Bambo anafika muno inu musanabadwe."

"Kukhala n'kwina, kudziwa n'kwina," ndinamuyankha. Anandiyang'ana pang'ono n'kupitiriza kusita.

Tinatsika kombi, minibasi ya kuno, m'tauni, iwo ali mu jekete yawo ya ku tchalitchi, ine mu nsapato zatsopano zosongoka. Vuto linayamba pomwepo: mayina a misewu m'bukumo anali a nthawi ya atsamunda, ndipo pa zikwangwani panalibe ndi limodzi lomwe. Kufunsa sindinafune. Ndinangoloza nyumba ina yaitali n'kuyamba kuwerenga mokweza za nsanja ya wotchi.

"Wotchiyo ili pati?" anafunsa Bambo.

"Anaichotsa," ndinatero mosaphethira.

Pa nyumba yachiwiri ndinaima nthawi yaitali, ndikuwerenga mawindo ndi chala n'kumalemba m'buku. Sindinaone kuti pansi pake panali banki. Mlonda anabwera ndi chibonga n'kutifunsa m'Chishona kuti tikuyeza chiyani. Zinatipulumutsa ndi imvi za Bambo, amene anamuuza mofatsa kuti, "Mukwasha wangu uyu, achiri kudzidza," kutanthauza kuti mkamwini wawo ndikadali pa sukulu. (Ndili ndi ndevu, abale.)

Munthu wanzeru akanagula zakumwa n'kubwerera kunyumba. Ine ndinatsegula mapu. Masamba apakati anali atazuka, choncho ndinangolumikiza lakumanzere ndi lakumanja ngati kuti ndi limodzi. Tinawoloka njanji, masitolo anatha, tinayamba kupatukira malole: tinali talowa mu Graniteside, dera la mafakitale. Dzuwa linali paliwombo. Nsapato inanditulutsa chithuza, chithuzacho chinaphulika, kenako chidendene cha nsapato yomweyo chinatsalira m'dzenje la pamsewu. Ndinkatsimphina patsogolo, Bambo akunditsatira pambuyo.

Mwamwayi (ndi mmene ndinkaganizira), ndinaona chinyumba cha njerwa zofiira chokhala ndi khomo lokhota pamwamba. Chinkafananako ndi chithunzi china m'bukumo. Ndinakonza kukhosi.

"Bambo, iyi inali holo imene azungu ankavinamo. Taonani kayalidwe ka njerwazi. Buku likuti anamanga ndi amisiri ochokera ku Italy."

Bambo anayang'ana khoma, n'kuyang'ana ine. Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ndinachita mantha kuti dzuwa lawapweteka, koma ayi, kunali kuseka. Anaseka mpaka anakhala pa tayala lakutha, misozi ili chuchuchu.

"Akamwini, Mtaliyanayo ndine! Ine, malemu Banda, ndi Zuze wa ku Tete. Muno ndi mosungira feteleza. Simunavinepo munthu."

Ndinkadziwa kuti anapuma ntchito ku kampani ina, koma ntchito yake sindinafunsepo. Zaka zitatu zathunthu, ine wapakamwa.

Atapuma, anandigwira dzanja n'kupita nane pakona pa chinyumbacho. "Mwauona mzere uwu? Wapindika, eti? Ndikuyala pamenepa kunabwera munthu panjinga kudzandiuza kuti mayi akunyumba achira, kwabadwa mwana wamkazi. Esnati wanuyo. Manja anangoyamba kunjenjemera. Kapitawo anati ndigumule, ine ndinati mawa. Mawa lake silinafikebe."

Ndinagwira njerwa zopindikazo.

Bambo anatola kawaya n'kundimangira nsapato. Pobwerera anatsogolera iwo, buku lili m'khwapa mwanga. Anandionetsa khoma limene Zuze anagwapo osathyoka kanthu, ndi masitepe amene anawamanga kawiri chifukwa mwini nyumba anali wamtali. Zonsezi m'buku munalibe. Munali mayina a ojambula mapulani okhaokha. Tsiku limenelo analankhula mawu ambiri kuposa onse amene ndinawamvapo kwa iwo, ndipo pokwera kombi anandisiyira mpando wa pawindo kuti nditambasule mwendo.

Tsopano Loweruka lililonse amafika m'mamawa, jekete atavala kale, n'kufunsa ali pakhomo kuti, "Wa ku Italy uja wadzuka?" Ana a eni nyumba nawonso ayamba kunditchula choncho.

Mwina mukuti ndinatengapo phunziro. Sabata yatha ndagula buku lina pamalo omwe aja, la mitengo ya mu Harare, ndipo ndaitana amalume ake a Esnati kuti ndikawaonetse. Nditamuuza, Esnati anangoika mbale pansi n'kunena kuti, "Mwawafunsa amalumewo kuti ankagwira ntchito yanji?"

Sindinawafunse. Koma nsapato zina ndagula, zophwatalala.