Penti Wachikasu Pageti Panga

Mpaka lero mkamwini wanga akamalowa pageti pathu amayang'ana kumwamba, ngati akufufuza mvula. Ndi mwana waulemu. Zimene akupewa kuona pansipo ndi ntchito ya manja anga.

Msewu wathu uli kuseri kwa siteji ya mabasi, ndipo timagalimoto ta mushikashika, tonyamula anthu mozemba kupita ku Chegutu ndi ku Chakari, tinausandutsa pobisalira. Kukacha umapeza kamodzi katatseka geti, dalaivala ali m'tulo, miyendo ili pawindo. Akhonsolo anatilonjeza kalekale kuti adzalemba mizere, nyumba iliyonse ikhale ndi poimika galimoto pake. Tinapita kumisonkhano, tinaomba m'manja, makhansala anasintha. Ukafunsa amati nkhaniyo ili ku komiti. (Komitiyo sindinaionepo, koma iyenera kuti ili ndi chipinda chachikulu.)

Ndinkapirira, mpaka mwana wanga Rudo anapeza mnyamata wa ku Chegutu, ndipo akwawo anatumiza mawu kuti abwera Loweruka kudzakamba za ukwati. Ndi Ashona osunga mwambo. Rudo anandipempha chinthu chimodzi, m'Chishona monga amayankhulira ana athu masiku ano: alendo asakaimike galimoto kutali n'kubwera akulumpha zithaphwi ngati kwathu n'kumsika. Ndinamuuza kuti asadandaule. Wodandaula ndinakhala ine. Ndinkangotuluka, kuyang'ana geti, kulowanso.

M'kachipinda ka makasu munali chitini cha penti wachikasu, chotsala kufakitale ya nsalu kumene ndinkagwira ntchito. Tinkalembera pansi njira za ngolo. Mkazi wanga atandiona nacho anafunsa, "Bambo a Rudo, mwalembedwa liti ntchito kukhonsolo?" Ndinamupempha chingwe choyanikira zovala.

Ndinayeza, ndinakoka chingwe, ndinapenta. Mizere inatuluka yowongoka kuposa ya m'tauni. Apa ndi pamene ndinalakwa, chifukwa ikanakhala yokhota aliyense akanadziwa kuti ndi ya mwini nyumba.

Woyamba kufika anali a Phiri, oyandikana nafe. Anafunsa kuti akhonsolo abwera nthawi yanji iwo osawaona. Ine sindikonda kuchulutsa mawu, choncho ndinangoti aona okha. (Bodza sindinanene. Zoona sindinanenenso.) A Phiri anavala jekete n'kulunjika kuofesi kukafunsa chifukwa chake nyumba imodzi yokha yakonderedwa.

Wachiwiri anali hwindi, mnyamata woitanira anthu m'magalimoto. Anayenda mozungulira mizereyo, kenako anandigwira chanza ndi manja awiri.

"Mdhara, potsiriza atikumbukira. Chikasu ndi cha onyamula anthu. Siteji yathu ndi ino."

Ndinayesa kufotokoza, koma anali atayamba kale kuimba mluzu. Pofika Lachisanu, magalimoto anali atandanda mpaka pakona, mayi wina akuotcha chimanga pafupi ndi mpanda wanga, ndipo Rudo anasiya kundiyang'ana.

Loweruka m'mawa, nditavala kale buluku la suti, apolisi akhonsolo anatulukira ndi a Phiri kumbuyo kwawo. Anthu amene tinawadikira zaka zonsezo dandaulo limodzi linawabweretsa. Madalaivala anabalalika pang'ono n'kuima chapatali. Wapolisi wamkulu anandipatsa zosankha ziwiri: kukwera galimoto yawo kukafotokoza kuofesi, kapena kufufuta mizereyo iye akuona. Ndinatenga parafini ndi bulashi yawaya, n'kugwada.

Apolisi atangochoka, mzere wa magalimoto unabwerera, ine ndikadali chogwada. Ndiye alendo anafika. Tsoka lake galimoto yawo inali yaing'ono yofanana ndi ta mushikashika. Hwindi anamenya denga lake n'kuwauza kuti apite kumbuyo, pano anthu amatsata mzere. Mayi wina wonyamula nkhuku anatsegula chitseko n'kukhala pambali pa azakhali a mnyamata wa Rudo, akufunsa ngati adutsira pachipatala.

Mkulu wina wachipewa, amene anali mkhalapakati wawo, anatsika n'kubwera pamene ndinali. Ananjuta mwaulemu, anandipepesa pondidodometsa pantchito, n'kufunsa ngati eni nyumba alipo.

"Alipo," ndinatero. "Lowani."

Ndinazungulira kuseri, ndinasamba ndi sopo wochapira, ndinavala jekete. Penti wa kufakitale sachoka ndi sopo. Ndinalowa pabalaza mawondo a buluku ali achikasu, fungo la parafini lili patsogolo panga. Alendo anayamba kuomba m'manja mwamwambo wawo, ine n'kuyankha ndi zikhatho zangati nthochi. Mkulu uja anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa motsitsa mawu, "Baba, ntchito ija mwaimaliza?"

Ndinali nditakonzekera kukhala wovuta tsiku limenelo, kuti adziwe kuti Rudo ali ndi bambo. Ndinavomera zonse mwamsanga moti mlamu wanga anandiponda phazi kawiri. Ukwati unatheka. Rudo anandikhululukira, ngakhale nkhaniyi apongozi ake amaikamba paliponse pamene pali anthu ndi sadza, nsima ya kuno.

Mizere ya khonsolo sinabwerebe. Yanga ikuonekabe dzuwa likawala, ndipo madalaivala amailemekeza kwambiri. Mkazi wanga amati phunziro lake n'lakuti munthu azidikira eni ntchito. Ine ndikaganiza bwino ndimaona kuti vuto linali mtundu wa penti. Woyera ndamuona kale pasitolo ina.