Tsiku limene ndinachotsa apongozi pamzere wa feteleza

Nkhani iyi anzanga a kuntchito amaikonda kwambiri. Akandipempha ndimawafotokozera mpaka pakatikati, pamene pamathera zoseketsa, kenako ndimanamizira kuti belu lalira. Lero ndiifotokoza yonse, chifukwa mbali imene ndimaisiyayo ndi imene imandiwawa.

Zinachitika m'zaka zija za makuponi, ndili mphunzitsi pasekondale ina ku Kasungu pa Boma. Ine ndi mkazi wanga, mayi a Tadala, tinali ndi kachizolowezi kamene ndinkanyadira nako. Loweruka lotsatira malipiro tinkatchena, n'kumutenga mwana wathu Tadala, kupita kukadya kulesitilanti ina m'tauni. Tinkadya tchipisi ndi nkhuku, ine n'kumapukuta pakamwa ndi kapepala ngati munthu wobadwira momwemo. Kunena zoona, nkhukuyo inkakoma pang'ono chabe. Chimene chinkandikomera kwenikweni n'choti anthu ankandiona ndikulowa.

Apongozi anga aakazi, aNabanda, ankakhala kwa Wimbe. Amuna awo anali atamwalira kalekale, ndipo aNabanda ankalima okha kamunda ka chimanga uku akulera zidzukulu ziwiri zamasiye. Chaka chimenecho dzina lawo linatuluka, analandira makuponi awiri, a feteleza wokulitsa ndi wobereketsa. Kwawoko feteleza anatha iwo asanafikiridwe, ndiye atamva kuti kudepoti ya pa Boma kukubwera lole, ananyamuka Lachinayi. Kunyumba kwathu sanafikeko n'komwe, anangotumiza uthenga kuti ali pamzere, ndipo mayi a Tadala ankawapititsira chakudya komweko. Mvula inali itagwa kale, chimanga chitamera, moti wophonya lole imeneyo ankadziwa kuti chaka chamuthera.

Loweruka m'mawa ndikumanga tayi, nzeru inandibwerera (mwa nzeru zanga zonse, zoopsa kwambiri ndi zimene zimabwera ndikumanga tayi).

"Lero tipita ndi amayi," ndinatero.

"Amayi ali pamzere, bambo a Tadala."

"Ola limodzi lokha. Munthu wakhala padzuwa masiku atatu, ndiye ife tizikadya nkhuku iwo akumeza fumbi?"

Mayi a Tadala anandiyang'ana kwa kanthawi. "Nanga akadya bwanji inu muli pomwepo?"

"Zimenezo n'zakumudzi. Kuno ndi kutauni."

Kwa inu amene simukudziwa, kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi amapewana. Sadyera pamodzi, sayang'anana m'maso, ndipo akakumana panjira wina amapatukira kumbali. Zaka zisanu ndi ziwiri za banja, ndinali ndisanawaonepo aNabanda akutafuna ngakhale mtedza umodzi. Zonsezi ndinkazidziwa bwinobwino, koma ndinkaganiza kuti mwambowo umathera pamene pathera msewu wafumbi, kuti ukafika paphula umatsika n'kubwerera kwawo.

Kudepoti tinawapeza atakhala pathumba lopanda kanthu, makuponi atawamangirira pansonga ya chitenje. Anali atafika kutsogolo ndithu, pafupi ndi zenera logulira. Lole inali itafika, matumba akutsitsidwa, koma zenera linali lotseka. Ndinapita kukafunsa mlonda wa pageti kuti ayamba nthawi yanji kugulitsa.

"Mwina cha m'ma thuu koloko," anatero mlondayo akusenda chinangwa.

Nthawi inali isanakwane thwelofu. Mawu oti "mwina" ndinawamva ndithu, koma ndinawasiya pageti pomwepo.

Apongozi atandiona anatsika pathumba paja n'kugwada, nkhope atalozetsa kumbali. Ine ndinanjuta chapatali, tayi ikukhudza fumbi, mayi a Tadala ali pakati pathu ngati womasulira mlaliki.

"Uwauze abambo a Tadala kuti ndathokoza kwambiri, koma mzerewu ndi wovuta," anatero apongozi.

"Muwauze amayi asade nkhawa, ndafunsa kale akuluakulu a pano, akuti mpaka thuu," ndinayankha. (Akuluakuluwo anali mlonda wa chinangwa uja.)

Munthu ngati aNabanda sangamukanire mkamwini kawiri anthu akumva. Anadzuka pang'onopang'ono, anaika mwala pathumba lawo, napempha mayi wina wa duku lofiira amene anali pambuyo pawo kuti awaonereko malo. Ine ndinatsogola, mtima uli mbee, ndikudziona ngati mkamwini mmodzi yekha wanzeru m'boma lonse la Kasungu.

Vuto loyamba linali tebulo. Linali laling'ono, lozungulira, moti kulikonse kumene munthu angakhale ankayang'anana ndi ine. Apongozi anafuna kukhala pansi m'mbali mwa khoma, koma ine ndinawakokera mpando ndi manja anga, anthu onse akuona. Anakhala m'mphepete mwenimweni mwa mpandowo, chammbali, maso ali kuwindo.

Woperekera zakudya anali mayi wachikulire ndithu, wa epuloni yobiriwira. Ndinawaitanitsira apongozi mpunga ndi nkhuku yootcha.

"Yootcha ichedwa, bambo. Yamsuzi ilipo kale, yapsa."

"Yamsuzi amadya kwawo. Bweretsani yootcha."

Ndikukhulupirira kuti pamene ndinkalankhula mawu amenewa, nkhukuyo inali ikutolabe tizilombo kuseri kwa khitchini. Tinadikira. Tadala anamaliza chakumwa chake n'kuyamba kuimba m'botolo. Ine ndinayesa kucheza, kufunsa za mvula ya kwa Wimbe, mayankho n'kumabwera kudzera mwa mayi a Tadala, afupiafupi.

Chakudya chitabwera, Tadala anapemphera, tonse tinayamba kudya, kupatula munthu amene tinabwerera. Apongozi anangokhala, manja ali pamiyendo, mbale ili patsogolo pawo. Apa munthu wanzeru akanakumbukira mawu a mkazi wake. Ine ndinaganiza kuti vuto ndi foloko. Ndinaitanitsa madzi osamba m'manja, ndinaika foloko yanga pambali n'kuyamba kudya mpunga ndi manja kuti ndiwalimbitse mtima. Mpunga unagwera patayi, koma apongozi sanasunthe.

Ndiye ndinaganiza kuti vuto ndi mano. Ndinaitana mayi wa epuloni uja.

"Nkhuku yanji yolimba ngati tayala la njinga? Munthu wamkulu angadye zimenezi? Chotsani, mubweretse nsomba yokazinga."

Mayi a Tadala anandiponda phazi pansi pa tebulo. Ine ndinaganiza kuti malo awachepera, ndinasuntha phazi langa.

Tinayambanso kudikira. Apongozi maso anali akadali kuwindo, ndipo ine ndinkati akusirira tauni. Ndinafika mpaka pomauza mayi a Tadala kuti, "Muwauze amayi kuti nyumba yaitali ikuoneka apoyo ndi banki." Sindinaone chimene iwo ankaona. Mumsewu munali mutayamba kudutsa njinga, iliyonse itanyamula matumba oyera awiri pakaliyala.

Nsomba inabwera, nayonso inangokhala. Mayi wa epuloni uja anaima pang'ono, anayang'ana apongozi, anayang'ana ine, kenako anawerama n'kundinong'oneza.

"Bambo, pepani, amayiwa ndi apongozi anu?"

"Eya."

"Ndiye tatulukani kaye panja mukapitidwe mphepo. Mungasinthe ndiwo zonse za m'khitchini muno, sadya."

Apa ndi pamene anzanga amagwa nako kuseka, mphunzitsi wa tayi kuthamangitsidwa patebulo lake lomwe, m'manja muli mpunga. Apanso ndi pamene ndimanamizira belu.

Ndinatuluka n'kukaima pakhonde. Ndisanapukute n'komwe m'manja, ndinaona ngolo ya ng'ombe ikudutsa, pamwamba pa matumba patakhala mayi wa duku lofiira uja. Anandizindikira, nauza woyendetsa kuti aime.

"Bambo, amayi aja munapita nawo kuti? Zenera anatsegula mutangokhota pakona. Ine ndinayesa kuwauza kuti pali munthu apa, koma mwala sugula feteleza. Thamangani, mwina mupezako."

Ndinalowa mothamanga, ndipo chimene ndinaona sindidzachiiwala. Apongozi anali atasamba m'manja, atatembenukira kutebulo, atanyema kachidutswa ka nsomba, dzanja lili panjira yopita kukamwa. Atandiona anabweza kachidutswako m'mbale mwaulemu, n'kutembenukiranso kumbali.

"Atsegula," ndinatero, ndipo aka kanali koyamba kulankhula nawo popanda womasulira.

Tinawakweza pakabaza, ife tikuthamanga pambuyo, Tadala ali kumsana kwa mayi ake. Titafika tinapeza zenera latsekedwanso. Mzere unali utabalalika, azimayi ena akutola timibulu ta feteleza totayikira pansi n'kumaika m'zitenje. Thumba la apongozi linali pamalo pomwe paja, mwala uli pamwamba.

"Watha," anatero mlonda. "Ina ibwera, mwina sabata yamawa."

Apongozi anachotsa mwalawo, anakung'untha thumba lawo, analipinda bwinobwino. Ndinkafuna atakalipa, atalira, kaya atanditukwana kudzera mwa mwana wawo, koma anangoti, "Uwauze abambo a Tadala asadandaule, n'zochitika." Madzulo omwewo anakwera matola kubwerera kwa Wimbe, m'mimba mulibe kanthu. Mayi a Tadala sanandikalipirenso.

Makuponi anandisiyira. Kwa milungu iwiri ndinkati ndikaweruka n'kudzera kudepoti, koma lole ya sabata yamawa ija sinabwere. Feteleza wa m'sitolo ndi malipiro a mphunzitsi sizinkagwirizana, moti thumba limodzi ndinalikwanitsa kumapeto kwa Januwale. Nditapita nalo ndinapeza chimanga chili chachikasu, chitayamba kale kumasula chikadali m'mawondo. Munda wa oyandikana nawo unali wobiriwira mochita kuda, malire ake akuoneka ngati wina wajambula ndi rula. Ndinaima pamenepo ndi thumba langa, manyazi atandigwira, ndipo misozi inatuluka ndithu.

Anakolola zosadzaza ngolo. Chakudya chinatha dzinja lisanayandikire n'komwe. Ife tinkatumizako ufa tikapeza, koma iwo nthawi zonse ankabweza uthenga woti zonse zili bwino, tisavutike.

Mu Febuluwale wa chaka chotsatira, njala itafika pachimake, ndinanyamula chimanga panjinga Loweruka lina kupita kwa Wimbe. Pakhomo ndinapeza zidzukulu zokha, zinandiuza kuti agogo ali kuganyu kuesiteti ya fodya. Ndinawapeza m'chigafa, atakhala pansi pakati pa azimayi ena, akusoka masamba a fodya, manja ali bii ndi utomoni. Anali ataonda kwambiri, munthu wa zaka zoyenera kumangolera zidzukulu pakhonde.

Mayi wina atandiona anasiya ntchito. "Kodi awa ndi akamwini aja a kuhotela?"

Azimayi onse anatembenuka, nkhope zili ndi chimwemwe. Ndinamva pomwepo kuti chaka chonse aNabanda ankawafotokozera mmene mkamwini wawo anawatengera kuhotela ya pa Boma, n'kuwaitanitsira ndiwo ziwiri tsiku limodzi, nkhuku ndi nsomba, ndiponso kukalipira antchito kuti asamale bwino apongozi ake. Za mzere sanauze munthu. Aliyense ankadziwa kuti feteleza anangowathera, monga ankathera anthu ambiri zaka zimenezo.

Sindinathe kupirira. Ndinagwada kuseri kwa mzati wa chigafa, ndi buluku langa lakuntchito, n'kunena kuti, "Amayi, ine ndinalakwa. Njala iyi ndi ine. Tsiku lija simunadye n'komwe."

Ndinalankhula motsitsa, moti anamva ndi iwo okha ndi mayi mmodzi wokalamba amene anali pambali pawo. Apongozi sanasiye kusoka. Anapendekera kwa mnzawoyo, maso ali pafodya.

"Auzeni abambo a Tadala adzuke, anthu akuwaona. Ndipo zimenezo asamazinene kuno. M'mudzi monse muno, amene anadyapo kuhotela ndine ndekha."

Ndinadzuka, ndinasasa mawondo, ndinapereka moni kwa azimayi aja mmodzimmodzi ngati munthu woyenera ulemu umene ankandipatsa.

Ndikanena kuti kuchokera pamenepo ndinasiyiratu kuthandiza anthu mokakamiza, mayi a Tadala akhoza kutsutsa, ndipo ali ndi umboni. Chimene ndinaphunzira ndithu n'choti munthu wosauka amatha kukulolera zinthu zomupweteka chifukwa cha ulemu, iwe n'kumayenda ukudziyamikira.

ANabanda anatisiya zaka zingapo zapitazo, n'chifukwa chake ndamasuka kuulula. Pamaliro awo, titachoka kumanda, bambo wina wachikulire anandigwira dzanja n'kuitana akamwini ake awiri kuti adzandione. Anawauza kuti atengere chitsanzo kwa aphunzitsi awa, amene ankadziwa kusamala apongozi. Anyamatawo anandipatsa moni ndi manja awiri, ndipo ine ndinalandira.