Tsiku limene ndinauza anthu abise njinga

Mpaka lero ndikamadutsa pa shedi yoyezera tiyi ndimafulumiza mwendo, ndipo chinandipweteka ndi nzeru zanga zomwe.

Nthawi imeneyo ndinali wapampando wa kopaletivi yathu ya alimi a tiyi, cha ku Goliati. Tinamva kuti kampani yomwe imatigula tiyi ikutumiza mlendo kudzaona mmene tikukhalira. Ine ndinati basi, thandizo ilo! Nanga si tinazolowera kuti mlendo wonyamula kope amakonda wosauka? Ndinayenda khomo ndi khomo: bisani njinga, tsitsani sola padenga, valani zakumunda. (Ineyo ndinakabwereka shati yong'ambika kwa alamu anga. Anakhumudwa kuti ndinadziwa koyipeza.)

Mlendoyo anali mtsikana waulemu wake. Anatikhazika pa shedi paja n'kuyamba mafunso.

"Chilowereni m'kopaletivi, chasintha n'chiyani pakhomo panu?"

"Palibetu, madamu," anthu anayankha monga ndinawaphunzitsira.

"Nanga ana kusukulu?"

"Aaa, angokhala."

Ine kumtima mbee, kunyadira ophunzira anga. Koma mtsikana uja anatseka kope, nkhope itagwa.

"Pepanitu. Anandituma kudzaona ngati kopaletiviyi ikupindulira anthu. Ngati palibe chasintha, mgwirizano wogula tiyi wanu uthera pomwepa."

Apa m'pamene ndinazindikira kuti tiyi wa mudzi wonse ndinali nditamuponya m'dzenje ndekha.

Kenako anadzambatuka Mayi Namakhwa, amene sandisiya pamsonkhano uliwonse.

"Madamu, bodzatu limenelo! Ine malata ndinakhoma, mwana ali Fomu 3. Atinamizitsa ndi atcheya awa! Anthuni, tivote pompano. Ofuna atsike pampando, manja m'mwamba!"

Manja onse m'mwamba. Alamu anga anakweza awiri.

Mtsikana uja anatsegulanso kope n'kumalemba mothamanga. "Ndiye kuti mtsogoleri mumamuchotsa nokha? Kwinaku ndimangouzidwa, lero ndaona ndi maso." Atatero anayendera makomo, njinga zikutuluka kunsi kwa bedi, ina m'katikati mwa munda wa tiyi.

Patapita milungu ingapo tinamva kuti mgwirizano upitirira. Ndinakhala pansi n'kupuma ngati ndatula dengu lodzaza. Mpando unapita, inde, koma ndikanaonongetsa msika uja sindikudziwa kuti ndikanasamukira kuti.

Masiku ano ndimauza anthu kuti kopaletivi ndinaipulumutsa ndine, nanga popanda ine akanachotsa ndani? Palibe amavomereza, koma tiyi akugulitsabe.