Tsiku Limene Lonnie Gaskins Ananong'oneza Bwalo Lonse

Lonnie Gaskins akafika pa botolo lachitatu, nzeru zinkamusefukira mpaka kudontha patebulo. Anzake ankamutcha Injiniya, chifukwa kale anakonzapo wailesi ya m'galimoto ya apongozi ake, ndipo wailesiyo inaimba bwino ndithu isanapse pamodzi ndi mipando yakutsogolo.

Lachisanu lina masana, m'bala ya kuseri kwa shopu ya matayala m'katauni kena kuno ku Texas, Injiniya anasendeza mabotolo n'kuitana anyamata ake kuti ayandikize mitu. Analipo Dewey, mlamu wake, amene ankatchedwa Bilimankhwe kaamba ka kayendedwe kake ndi kaganizidwe kake komwe. Analiponso Merle, dzina lantchito Mphepo, mwini pikapu yofiira yomwe sinkalira popanda kuipempha.

"Amwene, ana a masiku ano saimbanso ndi mapapo," anatero Lonnie. "Ife lipenga tinkaliuzira mpaka maso kutong'oka. Lero bandi ya kusekondale ikamalowa m'bwalo, patsogolo pamabwera chingolo cha makina. Masipika ngati mafiriji, kiyibodi, kompyuta, timaikolofoni topanda waya. Ngolo imodzi yokhayo, Mphepo, ungagule mapikapu ngati akowo mpaka kutseka msewu."

"Galimoto yanga isalowe m'kamwa mwanu," anatero Merle. "Nenani dilu."

Dilu inali iyi. Mawa lake kunali mpikisano wa mabandi a m'chigawo chonse pa bwalo la mpira. Okankha ngolo za makina amakhala makolo a ana, onse m'masikipa akuda. Iwo akavala masikipa akuda, n'kugwira ngolo, n'kuikhotetsera kumene Merle waimika galimoto, nkhani yatha.

"Nanga akatifunsa kuti ndife makolo a ndani?" anafunsa Dewey.

"Iwe, ndani anafunsapo bulu dzina? Munthu wokankha ngolo saonedwa nkhope."

"Komatu mlamu, achemwali anga aja ananenetsa. Mukangogwidwanso, zovala zanu mukazipeza pakapinga."

"Mkazi wangayo Charlene adzandipsompsona ndikadzamugulira sofa. Ine ndi dolo, aise. Tiye tsiriza mowawo."

Loweruka dzuwa linatuluka ndi ukali. Kuseri kwa bwalo kunali mabasi achikasu ndandanda, ana m'mayunifolomu ndi zipewa za nthenga, atsikana akuponya mbendera m'mwamba, fungo la soseji yootcha lili ponseponse. Lonnie ndi Dewey atangoyenda pang'ono m'masikipa awo akuda, mluzu unalira.

"Inu awiri! Manja ali m'thumba chifukwa chiyani?"

Awa anali Mayi Rhonda Kowalski, wapampando wa komiti ya makolo, mayi amene ngakhale ahedi ankamupatsa moni ataimirira. Sanawafunse dzina, monga Injiniya analoserera. Anangowasenzetsa migolo ya madzi. Atamaliza anawapukutitsa nsapato za oimba ng'oma. Kenaka anawanyamulitsa zikwangwani zazikulu zojambulidwa mitengo, pakuti masiku ano bandi singoguba chabe, imachita sewero lathunthu, ndipo la chaka chimenecho linali la mtsikana wosochera m'nkhalango ya maganizo ake.

"Mlamu, chibadwire sindinagwirepo ntchito chonchi," anadandaula Dewey, thukuta lili kamukamu. "Kuba n'kumeneku?"

Mpata unapezeka pamene anawaika pa ngolo yeniyeniyo. Lonnie anatsegula kabokosi kena n'kupezamo timaikolofoni tiwiri tovala kukhutu, tili ndi kanyali kobiriwira. Maso ake anawala.

"Izi ndi za akazitape izi. Vala. Tikatalikirana tizilankhulana mwachinsinsi."

"Zikugwira?"

"Ukufunsa Injiniya?"

Mluzu unaliranso. Nthawi ya bandi ya Mayi Rhonda inali itakwana. Pa geti, pamene anayenera kukhotera kumanzere, Lonnie anacheuka n'kuona kumbuyo kwake mangolongondo a matayala, ng'oma zikuluzikulu, ndi chinamtindi cha ana chikubwera ndi phazi limodzi. Kutsogolo Mayi Rhonda akuthamanga chafutambuyo, akukuwa kuti kankhani, kuchedwa kumadula mapointi. Ngolo inalowa m'bwalo, mbava zili pambuyo zikukankha ndi mtima wonse.

Makolo enieni analumikiza mawaya mwachangu n'kuthawira kumbali. Lonnie ndi Dewey anasokonekera kolowera, nabisala kuseri kwa mitengo yojambula ija, pakatikati pa bwalo, wina uku wina uko.

Malipenga anaphulika, ng'oma zinagunda, mbendera zinauluka. Kenaka nyimbo inatsika, n'kutsala kachitoliro kamodzi kolira mwachisoni. Apa m'pamene mtsikana wosochera uja ankayenera kulankhula ndakatulo yake. Anagwira kukhutu, palibe kanthu. Aphunzitsi a bandi, Bambo Villarreal, ali pa makina, anaona kuti mawu sakutuluka, nakweza mabatani onse mpaka kumapeto.

Ndipo bwalo lonse linamva kunong'ona kwakukulu ngati kwa chimphona:

"Bilimankhwe, ukundimva?"

"Ndikukumvani mlamu. Komatu mukumveka kawiri."

"Ndi mmene zimachitira zodula. Tamvera. Nyimbo ikangotha, timadula mawaya, ngolo ija timathamanga nayo. Merle ali kuseri kwa zimbudzi ndi pikapu yofiira."

Anthu pamipando sanadabwe n'komwe. M'mawa womwewo anali ataonera bandi ina ikuimba za moyo wa nyerere, ina ili ndi mawu a munthu wakufa akulankhula ndi wotchi. Anangogwedeza mitu kuti zakuya izi. Jaji wina amene ankayenda m'bwalo ndi kojambulira mawu kake anaima chilili. "Mawu a chikumbumtima m'nkhalango," anatero. "Kulimba mtima kotani! Ndipo akumveka ngati zitsiru zenizeni."

Kachitoliro kanapitiriza kulira.

"Mlamu, ine ndikuopa," anatero Dewey, mawu akunjenjemera pa masipika onse. "Ndinkafuna kukhala wokonza njinga ine. Amayi anandilera bwino."

Mayi wina pamzere wachitatu anapukuta msozi.

"Usiye zachibwana. Ukuopa chiyani? Chimayi cha mluzu chija? Chija n'chiphokoso chabe, mutu mulibe kanthu."

Apa ndiye bwalo linazizira. Aliyense wa m'tauniyo ankadziwa kuti palibe wolemba sewero amene angayerekeze kulemba mzere umenewo. Mayi Rhonda anachotsa mluzu pakamwa pang'onopang'ono, n'kupatsa mnzawo chikwama kuti awagwirire.

Kuseri kwa zimbudzi, Merle anali atamva dzina lake ndi mtundu wa galimoto yake zikulengezedwa ngati wapambana mphoto. Anapotokola kiyi. Pikapu inatsokomola. Anaipempha, anaitukwana, anaitcha mayi. Italira, iye mwamantha anaponya giya yobwerera, n'kukagunda galimoto ya Wapolisi Odom, amene anali m'katimo akudya soseji yake mwamtendere.

M'bwalo ana sanaphonye phazi ngakhale limodzi, pakuti anaphunzitsidwa kuti ngakhale kumwamba kugwe, mzere usapindike. Nyimbo yomaliza inakwera, malipenga onse anayang'ana kumwamba. Lonnie anakuwa kuti "Tiyeni!" n'kudumpha, phazi n'kukola chingwe cha chikwangwani. Nkhalango yonse inagwa, mtengo kugwetsa unzake, ndendende pa kugunda komaliza kwa ng'oma. Pakati pa bwalo panatsala amuna awiri a mimba zawo, wina chagada, wina manja ali m'mwamba popanda womuuza.

Anthu anaimirira, m'manja muli phwaphwaphwa.

Mayi Rhonda anafika asanafike apolisi, ndipo Lonnie anaona unyolo wa Wapolisi Odom ngati chipulumutso. Akuwatulutsa, Lonnie anaona Charlene pamipando yapamwamba, atapinda manja, akumuyang'ana ngati mmene munthu amayang'anira chinthu chimene waponda.

Bambo Villarreal anabwera akuthamanga, pepala la majaji lili m'manja.

"Bwana Odom, pepani. Chiyambire sitinapezepo mapointi otere. Kodi anthuwa simungatibwereke Loweruka likudzali? Tidzakubwezerani mpikisano ukatha."

Wapolisiyo anangowakankhira ku geti. Lonnie anawongola khosi. Injiniya safa ndi mpikisano umodzi. Anapendekera kwa mlamu wake, kamaikolofoni kaja kadakali kukhutu, natsitsa mawu mpaka pansi penipeni.

"Dewey, tikakafika uko ukane zonse. Anthuwa alibe umboni."

Mawuwo anazungulira bwalo, anagunda mipando ya kutsidya, nabwerera. Ndipo anthu onse, ana a bandi, majaji, ogulitsa soseji, ndi Charlene yemwe, anayankha pamodzi ngati mumpingo:

"Tamva!"