Wezulo ya pa fakitale ya chiponde

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika wa Namitambo, akabaza amandiimbira likhweru. Ndimangowongola kolala n'kupitiriza ulendo ngati sizikundikhudza, koma nthiti zanga zakumanzere zimadziwa bwinobwino chomwe akunena.

Kwathu kuno tili ndi gulu lopanga chiponde. Ambiri ndi amayi, abambofe ndi ochepa, ndipo wapampando ndi mayi Namakhwa, munthu wosakweza mawu koma akakuyang'ana umayamba wekha kufufuza chomwe walakwitsa. Chiponde chathu chinkakoma kuyambira kale, koma masitolo akuluakulu a ku Limbe ankatibweza nacho. Ankati popanda chiphaso cha miyezo, botolo lathu silingakhale pashelefu yawo. Mayi Namakhwa anaibereka nkhaniyo kumbuyo ngati mwana wodwala, ndipo sanaitsitse.

Zomwe amayi aja anasintha, ine ndimawatayira kamtengo. Mtedza wachuku ankausankha kamodzikamodzi mpaka maso kuwawa. Matumba anachoka pansi n'kukhala pamatabwa. Pakhomo panabwera ndowa yampopi, sopo, jombo ndi zipewa zoyera, ndipo ndolo ndi mphete zinkatsala m'kambale panja. Abiti Saidi, omwe amayendetsa chigayo, anachotsa chipini chapamphuno chomwe anachivala kuyambira ali mtsikana, osadandaula ngakhale pang'ono. Pamwamba pa zonsezi panali funso la mayi Namakhwa, lomwe linkabwera pa chilichonse: "Nanga chikalakwika?" Magetsi akathima titani? Mtedza ukasowa titani? Munthu akadzitema chala? Poyamba tinkati mayiwa amalodza zinthu, kenako tinaona kuti tsoka likatipeza limapeza titaliyalira kale mphasa.

Ine anandisankha kukhala woona za chitetezo chifukwa ndinagwirako ntchito ya ulonda ku Limbe (zoona zake n'zakuti panyumbapo panali galu yemwe ankagwira ntchito yambiri kuposa ine, koma izi sindinaziulule pamsonkhano). Kwa mkamwini ngati ine, udindo umenewu unali waukulu. Ndinapatsidwa chikhoti choyera, masiki, chipewa ndi chozimitsira moto chofiira. Tinkayeserera kuti moto ukabuka tidzatuluka bwanji, ndipo chizindikiro chathu chinali kumenya chivundikiro cha poto ndi supuni.

Chivundikirocho ndiye chinkandidya mumtima. Mlendo wochokera ku ofesi ya miyezo, wobwera pagalimoto kudzatiyendera, adzamve ngwee ngwee wa poto ngati tikuthamangitsa mbalame m'mapira? Ndinapita pamsika n'kugula wezulo yachitsulo, yonga ya oimbira mpira, n'kuibisa m'thumba. Sindinauze munthu. Ndinkafuna kuti idzakhale mphatso yanga kugulu. Chomwe ndinaiwala n'chakuti miyezi imeneyo mbuzi zinkabedwa kwambiri, ndipo mudzi wonse unagwirizana kuti wezulo ikalira, ndiye kuti kwalowa wakuba, aliyense atuluke ndi chomwe ali nacho m'manja. Pamsonkhano umenewo ndinalipo, ndipo ndinaomba nawo m'manja.

Tsiku loyendera linafika. Woyenderayo anali mayi wachitsikana, wofatsa, koma maso ake sankaphonya kanthu. Anasuzumira pansi pa matebulo, anayang'ana zikhadabo za aliyense, anafunsa Abiti Saidi momwe amatsukira chigayo. Amayi ankayankha modekha ngati akufotokoza za kukhitchini kwawo. Ine mtima unali m'malo, chifuwa chili patsogolo. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

"A zachitetezo ndi ati?" anafunsa mayiyo.

"Ndine pano, madamu."

"Tiyerekeze kuti moto wabuka pachigayopo. Mutani?"

Abiti Saidi anatambasula dzanja kuti atenge chivundikiro. Ine ndinawaletsa ndi chala, ndinatsitsa masiki, n'kuliza wezulo ndi mpweya wonse womwe Mulungu anandipatsa. Mayi Namakhwa anandiyang'ana kamodzi kokha, koma nthawi yokambirana panalibe.

Abale, zomwe zinatsatira zinali zokongola. Chigayo chinathimitsidwa, mabeseni a chiponde anavundikiridwa, amayi anatuluka pamzere osakankhana mpaka pansi pa mtengo wamango pomwe tinapangana. Woyendera uja anagwedeza mutu movomereza. Gawo langa linali lozungulira kuseri kukaona ngati mosungira katundu simunatsale munthu. Ndinabwezeretsa masiki wezulo ili chilumire m'kamwa, ndinaponya chozimitsira moto paphewa, n'kuliyatsa liwiro kuti mlendo aone kuti pano pali mlonda weniweni.

Ndili kuseriko ndinamva wezulo ina ikulira kumadimba. Ina inayankha cha kusukulu. Kenako mfuu: "Wakuba! Wakuba uyo! Wanyamula botolo la gasi!" Ine, mwa ulonda wanga, ndinacheuka kuti ndimuone wakubayo ndithandize kumugwira. Kumbuyo kwanga kunalibe wakuba. Kunali anthu a zibonga, mipini ndi makasu, ndipo onse ankaloza munthu wobisa nkhope yemwe ankathamanga kuseri kwa fakitale ndi katundu paphewa.

Wina ananditchera ndale. Ndinagwera m'munda wa nandolo chafufumimba, ndipo munthu wolemera ngati thumba la feteleza anandikhalira pamsana. Anali alamu anga a Mulinde, mkulu wa apolisi a m'mudzi. Ndinayesa kunena kuti ndine, koma wezulo inali ikadali m'kamwa, ndiye mawu aliwonse ankatuluka ngati fyee! fyee!

"Akuitana anzake ameneyu!" anakuwa alamu. "Ena ali m'katimo! Thamangani!"

Apa ndiye nthiti ndinaziiwala. Ndili chigonere, tsaya lili m'dothi, ndinaona chigulu chija chikukhamukira kukhomo la fakitale, mapazi ali matope okhaokha a kudimba. M'katimo munali chiponde cha tsikulo, pansi pomwe amayi anakolopa mogwada, ndi khama lonse la mayi Namakhwa. Akanangolowa, chiphaso chikanapita pamaso pa woyendera, ndipo wochipititsa akanakhala ine. Kunena zoona ndinalakalaka nthaka itangondimeza.

Mayi Namakhwa sanathamange. Anachoka pamtengo paja n'kukaima pakhomo, manja ali chotambasula.

"Mayi, tapatukani, akuba ali m'katimo!" anatero bambo wina wa chibonga.

"Mwachita bwino kubwera, Mulungu akudalitseni," anayankha mayiwo. "Koma muno simulowa munthu ndi mapazi a kudimba. Wofuna kulowa, sopo uyo, jombo izo, chipewa icho. Chibonga chitsale panja."

"Athawatu, mayi!"

"Athawira kuti, khomo ndi lomwe lino? Kaya ndi wakuba, mumugwira mutasamba m'manja."

Abiti Saidi anabwera kudzaima pambali pawo, kenako amayi onse, phewa ndi phewa. Chigulu chija chinaima. Ndipo ndikulumbira, bambo wa chibonga uja anachitsamiritsa pakhoma, anasamba m'manja mpaka m'zigongono, anavala jombo ndi chipewa chachizimayi, n'kulowa monyang'ama. Atatuluka anati, "Mulibe munthu. Komatu amwene, m'katimo n'moyera kuposa kuchipatala."

M'pamene alamu anakumbuka zondivula masiki. Wezulo inagwera pansi.

"Alamu? Ndinu?"

"Ndine, alamu. Tadzukani, nthiti."

"Nanga wakuba ali kuti?"

"Kulibe. Timayeserera moto."

"Moto ndi wezulo? Inu simunali pamsonkhano uja?"

Kuseka komwe kunabuka pamenepo kunamveka mpaka kumsika. Woyendera uja anabisa nkhope ndi mapepala ake, koma mapewa ankamuulula.

Anthu atabalalika, tinakhala pansi kumva chigamulo, ine chikhoti chili chofiira ndi dothi. Woyenderayo ananena mosabisa kuti cholakwika chilipo. Chizindikiro changozi chinasinthidwa ndi munthu mmodzi anzake osadziwa, komanso sitinaganizire kuti anansi athu achimva bwanji. Anati tikonze zimenezo, tikambirane ndi mudzi, adzabweranso. Kenako anatembenukira kwa mayi Namakhwa n'kunena kuti malamulo a pakhomo ambiri amawasunga kukakhala bata, koma iye wawaona akusungidwa pamaso pa zibonga, ndipo zimenezo sangazifunsenso.

Galimoto itapita ndinadikira mkuntho. Mayi Namakhwa anangotambasula dzanja, ine n'kuikamo wezulo.

"Bambo, pogula chimenechi munadzifunsa funso lathu lija?"

"Iyayi, mayi."

"Safunsa anadya phula. Pitani mukachape chikhoticho."

Sanandichotse paudindo, ndipo chimenecho chinandipweteka kuposa kunditukwana. Ndinayenda ndekha nyumba ndi nyumba kufotokoza kuti chivundikiro cha poto chikalira pafakitale, abwere ndi ndowa zamadzi, osati zibonga. Woyendera anabweranso, Abiti Saidi anamenya chivundikiro chawo, zonse zinayenda, ndipo patapita nthawi chiphaso chinafika.

Mwezi wathawu ndinaperekeza mayi Namakhwa ku Limbe kukasiya katundu. M'sitolo ina yaikulu tinaliona botolo lathu pashelefu, chizindikiro cha miyezo chili pamimba. Mayiwo analigwira, analitembenuza kuti dzina liyang'ane kutsogolo, n'kupukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Ine ndinayang'ana kumbali kuti ndiwapatse mpata. Kumbaliko n'komwe kunali kachimkuzamawu kam'manja, kofiira, kokhala ndi batani lolira ngati ambulansi. Ndinangokanyamula kuti ndione kulemera kwake basi.

"Nanga chikalakwika?" anatero mayi Namakhwa osacheuka n'komwe.

Ndinakabwezera pamalo pake. Koma sitoloyo ndaisunga m'mutu.