Sabata Imene Ndinalemera

Lolemba

Uthenga wafika. Lachisanu kukubwera anthu a ku boma kudzaona makomo a ovutika, kuti olembedwa azilandira ndalama za chithandizo, zija timati za sosho. Dzina lathu linatchulidwa kale pa msonkhano wa mudzi. Chatsala n'kudzaona ndi maso.

Pulani yanga ndi yosavuta: osakhudza kanthu. Adzionere okha:

amuna anga, abambo a Felista, pamphasa, mbali imodzi yakufa chiwagwirireni sitiroko;
bowo la padenga, ndendende pamutu pawo;
nkhokwe imene ngakhale makoswe anasamukamo;
nkhuku imodzi, kathadzi.

Ndikalembedwa ndigula udzu ndi pulasitiki, ndilipire wofolera mvula isanagwe. Umphawi wangawu ugwireko ntchito kamodzi!

Lachiwiri

Pakamwa pangapa! Ndanena pa mjigo kuti kubwera alendo. Masana a Nambewe, apampando a mphakati wathu wa kutchalitchi, atulukira ndi amayi anzawo, dothi lakuda m'mabeseni.

"Alendo a ku boma afikire pafumbi? Mukufuna Zingalume yonse itiseke?"

Ndikuti siyani. Akuti khalani pansi mupume. Azira nyumba, azira khonde, ajambula maluwa pakhoma. Kunena zoona yakongola. Mtima ukundiwawa.

Lachitatu

Katundu akungobwera. Zalowa lero:

mipando ya pulasitiki ya kutchalitchi;
tebulo ndi nsalu yake yoluka;
wailesi ya akatekisiti, yopanda mabatire;
kasola ka magetsi, kakwera kale padenga;
matiresi.

Abambo a Felista awagoneka pa matiresipo. Akumwetulira ndi mbali yamoyo ija. Ndiwachotsepo bwanji?

Chikhulupiriro changa chonse chinali pa bowo. A Nambewe akwera pampando, akhomerera chitenje chawo cha bungwe la amayi kunsi kwake. "Siling'i!" akutero, manja m'chiuno. Ndathokoza. Ndithu ine, kuwomba m'manja!

Lachinayi

Ndalawirira kuti ndikabise zonse kuseri kwa bafa. Ndangonyamula mpando umodzi, a Nambewe ali pampanda: "Mukuupukuta? Mwachita bwino." Ndaupukuta.

Kubweza chinthu alendo asanafike, munthu atakubwereka ndi mtima wonse, n'kumutukwana. Komanso ndi amayi omwewa amene amanditungira madzi ndi kundithandiza kutembenuza wodwalayu. Ndidane nawo chifukwa cha mpando?

Madzulo atulukira alamu anga a Gerevaziyo. Akuti khola lawo lagwa, ng'ombe zikhaleko pamtengo wanga wa mango "masiku ochepa chabe." Zaka zonsezi sanabwerepo pano ngakhale ndi kachitini ka chimanga. Lero ng'ombe!

Mitambo yayamba kuda. Sindikuyang'anako.

Lachisanu

Afika! Mayi wa nsapato zoyera ndi bambo wa foni yaikulu yolembamo. Akhala pamipando. Ayang'ana sola. Ayang'ana ng'ombe. Ayang'ana siling'i.

Ndikuti zonsezi n'zobwereka. A Nambewe akuseka: "Amayiwa ndi odzichepetsa!" Bambo uja akuti kulikonse kumene apita akumva zomwezo, zoti ng'ombe n'za alamu.

Tsono chotsatirachi sindinganamizire munthu. Dzuwa lili pamutu, alendo milomo yauma, achokera ku Chadiza kudzaona ine. Manja anga omwewa agwira kathadzi kaja. Sindinaleredwe kuti mlendo achoke pakhomo ndi njala. Akanakana, kenako asamba m'manja.

Potsanzika mayiyo akuti: "Amayi, mukuwasamala bwino abambowa. Kumene tachokaku anthu akuvutika zedi."

Ndayankha kuti zikomo, muyende bwino.

Loweruka

Abwera a komiti ya m'mudzi, maso ali pansi. Akuti pakhomo pathu paoneka "pali bwinoko." Akuti ndikhoza kukadandaula ku boma, adzabweranso kudzaona. Liti? Sakudziwa. Ndipite pa njinga ya ndani, wodwala ndimusiyire ndani?

Zatuluka lero: mipando, tebulo, wailesi, sola, ng'ombe. Ng'ombezo zasiya ndowe, zadya mpanda.

Matiresi atuluka pomaliza. Abambo a Felista anagwira pangodya ndi dzanja lamoyo lija, ndachita kuwamasula chala chimodzichimodzi. Ndakalira kuseri kwa nkhokwe. Kumeneko malo alipo ambiri.

Lamulungu

A Nambewe alawirira chitenje chawo kuti akavale ku mapemphero. Ndamva kuti kumeneko alengeza kuti mphakati wathu sunachite manyazi pamaso pa alendo. Anthu awomba m'manja. Ine sindinapite. Sindikuwakwiyira, mphamvu zake ndilibe.

Masana mvula yoyamba. Iyoyo sinatumize uthenga, ndiye palibe amene waikonzera. Yapeza nyumba momwe ilili, yalowa pabowo, molunjika pamphasa. Ndawakokera bambowa pakona, napo pakudontha. Ndakhala nawo pansi, beseni ndagwirizira pamwamba pa mutu wawo.

Andiyang'ana nthawi yaitali, milomo ikulimbana ndi mawu. Ndatchera khutu.

"Alendo aja... abweranso liti?"

Akufuna matiresi.